Paketi ya mbewu za maluwa ya £3.99 ndi khamu la tintchentche tonga mavu pa dimba langa ku Leeds

Kwa anzanga amene muli kuno ku UK ndipo muli ndi kadimba, kaya kuseri kwa nyumba kaya pa allotment (kamunda kobwereka ku khonsolo): paketi ija ya mbewu za maluwa zosakaniza, imene amalemba kuti imakopa njuchi ndi agulugufe, ndi yoyenera ndalama yake. Koma musaigule chifukwa cha chithunzi chili pamwamba pakepo. Ine ndinagula imodzi mu Epulo 2025 ku garden centre ina kunja kwa Leeds, ndipo agulugufe okongola a pa chithunziwo ndinkangowaona mwa apo ndi apo. Chimene chinabwera mwaunyinji ndi tintchentche tamizeremizere, tooneka ngati mavu, timene kuno amati hoverfly. Ndi timeneti tinandipulumutsira mpiru.

Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, mashifiti ambiri ndi a usiku, ndiye kudimba ndimadzerako m'mawa ndikaweruka, kapena pa tsiku lopuma. Ndi theka la puloti, lobwereka ku khonsolo. Ndimalimapo ndiwo zimene m'masupamaketi simungazipeze, kapena mukazipeza kwina mtengo wake ndi wolira: mpiru, repu, nkhwani, bonongwe, ndi nyemba zoti ndizithyolako khwanya. Vuto la chaka ndi chaka ndi nsabwe. Zotuwa zija zimaunjikana kunsi kwa masamba a repu ndi mpiru kuti mbuu, mpaka tsamba kupotana. Zakuda zimakuta nsonga za nyemba. Ndipo ndiwo zoti ana adyere nsima madzulo omwewo, ine kuzipopera mankhwala mtima sundilola.

Za sitoloyo kaye. Ndi yaikulu, yaukhondo, koma basi imakutsitsani patali ndithu, moti ngati mulibe galimoto iwalani zogulako matumba a kompositi. Mukangolowa mumakumana ndi makandulo onunkhira, mipando ya panja, makapu, majuzi, kenako malo omwera tiyi kumene kagawo kamodzi ka keke kakudula kuposa paketi yanga ya mbewu. Mbewu zenizenizo anazikankhira kumapeto kwenikweni, pakona. Chinandiseketsa n'chakuti shelefu ya mbewu zoitanira tizilombo tothandiza yayang'anizana ndi shelefu ya mankhwala ophera tizilombo. Zili ngati munthu amene dzanja lamanja akukodola alendo, lamanzere wabisa chibonga kumbuyo.

Mnyamata amene ndinayamba kumufunsa za nsabwe sanachedwe, ananditengera pa botolo lopopera. Nditamuuza kuti mbewu zanga timadya masamba ake, anatembenuza botolo n'kuyamba kuwerenga kumbuyo pamodzi ndi ine. Amene anandithandiza ndi mayi ena achikulire a ku mbali ya mbande, manja ali dothi lokhalokha. Iwo ndiwo anati botololo ndilisiye, ndidzale maluwa m'mphepete mwa mabedi, ndipo ndiziyang'ana mapaketi okhala ndi kachizindikiro ka njuchi ka RHS Plants for Pollinators, kamene bungwe la Royal Horticultural Society linakonza kuti kazisonyeza zomera zokondedwa ndi tizilombo tonyamula mungu. Anandichenjezanso kuti ndisataye ndalama pa maluwa aja odzaza, opiringizana mkati, amene anayalidwa pakhomo m'mathireyi: m'maso ndi okongola, koma kachilombo sikapezamo chakudya. Choncho malangizo abwino m'sitolomo alimo, kungoti zimatengera kuti mwakumana ndi ndani tsiku limenelo.

Paketiyo ndi ya pepala, mkati muli kathumba kotseka bwino, ndipo njere zinali zouma, zopanda nkhungu. Kumbuyo analemba mitundu yake: calendula, cornflower, poppy, phacelia, borage, alyssum, dill, ndi limnanthes, kaduwa kachikasu pakati koyera m'mphepete. Kumera zinamera bwino, pamenepo sindinganame. Koma ndili nayo milandu ingapo. Zilembo zake ndi zazing'ono moti ndinachita kujambula ndi foni n'kukuza. Sinanene kuti mtundu uliwonse ulimo wochuluka bwanji, ndipo zitamera zinaoneka kuti phacelia ndiye anali mwini nyumba, ena onse anali alendo. Amakula msanga, amatambalala, ndipo ka alyssum, kamene ndi kafupi, kakanafera pansi pake ndikanapanda kumuzulako. Komanso njere zake n'zosiyana kukula. Za borage ndi calendula ndi zazikulu, za poppy ndi alyssum n'tating'ono kwambiri, timathawira pansi pa kathumba. Mukangothira m'manja n'kumwaza, mbali ina ya bedi idzakhala borage yekhayekha, poppy yense n'kukathera pakona. Mayi aja anali atandiuza kuti ndisakanize njerezo ndi mchenga wouma m'mbale ndisanafese. Paketi sinatchule zimenezo ngakhale pang'ono.

Mlandu waukulu ndi uwu: palibe chithunzi cha mbande. Ife tinakula tikudziwa chisoso ndi bonongwe zikangotulutsa masamba awiri, koma cornflower ali wamng'ono tingamusiyanitse bwanji ndi udzu wa kuno? Paketi ikuti mungomwaza paliponse. Musamvere zimenezo. Lembani timizere ndi kamtengo, fesani m'timizeremo, ndipo chilichonse chomera kunja kwa mzere zulani osachita mantha. Ine ndinaika mzere umodzi mbali iliyonse ya mabedi a mpiru ndi repu, wina kumapeto kwa nyemba, njere zina n'kutsalako.

Chaka chimenecho mvula inachita kaduka. A Met Office, oona za nyengo kuno, ananena kuti miyezi ya Marichi mpaka Meyi inali yofunda ndi yadzuwa kuposa zaka zonse zolembedwa, kenako Juni mpaka Ogasiti nayonso inatentha kuposa chilimwe china chilichonse chiyambire 1884. Kuno ku Yorkshire, kuyambira pa 11 Julayi analetsa kuthirira maluwa ndi payipi, ndiye inali ntchito ya kheni, kutunga, kunyamula, msana n'kumva. Madzi oyamba ankapita ku ndiwo, maluwa ankalandira zotsala. Calendula, cornflower ndi poppy anapirira osadandaula. Borage ankafota masana n'kudzuka madzulo. Limnanthes anachita maluwa mu Juni, n'kuthera pomwepo.

Ma hoverfly anayamba pang'onopang'ono mu Juni, awiri apa, mmodzi apo. Pofika kumayambiriro kwa Julayi ndiye kunali mbwee. Ndikafika m'mamawa kukadali kozizira, dimba limakhala zii. Dzuwa likangoyamba kuwotcha pakhosi, mumangoona mpweya wa pamwamba pa dill wayamba kunyezimira. Mutu uliwonse wa dill unkakhala wodzaza, ena atera, ena aima m'malere kudikira malo. Poppy amatsegula duwa m'mawa, ndipo m'duwa limodzi mumapezeka angapo akugubuduzika mu mungu. Kauluke kawo ndiko kamandisangalatsa. Kamaima pamalo amodzi duu, mapiko osaoneka n'komwe, kenako mwadzidzidzi kasowa, mwakapeza kaimanso cha kumanzere kwanu. Kena kanabwera kudzaima patsogolo pa mphuno yanga, kundiyang'ana ndithu, n'kutera pa gulovu yanga yachikasu. Kanayendayenda pamenepo, kakugunda pulasitiki ndi kamlomo kake kofewa, kataona kuti palibe chake kanapita.

Loweruka lina ndinapita ndi mnzanga wa ku tchalitchi kuti akathyole nkhwani. Atangotsegula kageti n'kuona khamulo pa calendula, anataya jumbo n'kuliyatsa liwiro la mtondo wadooka mpaka pa msewu.

"Achemwali, mavu onsewa! Mukufuna mundiphe?"

"Bwerani asisi, si mavu awa. Saluma."

"Iii, saluma bwanji? Ine mavu ndimawadziwa, anandimata kumaso ndili mwana."

Ndinachita kukamugwira dzanja. Kusiyanitsa kwake si kovuta mukayandikira. Mavu ndi njuchi ali ndi mapiko anayi, hoverfly ali ndi awiri okha chifukwa ndi ntchentche. Maso ake ndi aakulu, atenga pafupifupi mutu wonse, ndipo kwa aamuna amakumana pamwamba. Tinyanga take n'tatifupi. Sananing'e m'chiuno monga mavu. Mbola alibe. Mizere ija ndi yoopsezera mbalame basi. Ku Britain kuli mitundu yoposa 280, koma amene anadzaza kwanga ndi amene amawatcha marmalade hoverfly, Episyrphus balteatus: kutalika pafupifupi sentimita imodzi, thupi lofiirira ngati lalanje, mizere yakuda yoyenda iwiriiwiri, wina wonenepa wina wowonda. Mnzangayo anathyola nkhwani wake, koma diso limodzi lili ku maluwa.

Tsono apa ndi pamene ndiyenera kuichitira chilungamo paketiyo, komanso kusaipatsa ulemu umene si wake. Khamu limenelo silinalengedwe ndi £3.99 yanga. Puloti yoyandikana ndi yanga ndi ya madala ena achingerezi amene alima pamenepo zaka zambiri. Iwo maluwa sadzala, amati sadyedwa. Koma pa fennel wawo ndi pa anyezi amene anachita maluwa, ma hoverfly analinso thoo. Anandikumbutsa za Ogasiti 2004, pamene tizilomboti tinafika mwaunyinji ku gombe la Essex, ku Frinton ndi ku Walton-on-the-Naze, anthu n'kuthawa pamchenga poganiza kuti ndi mavu. Ambiri mwa ma marmalade hoverfly ndi apaulendo. Amawoloka nyanja kuchokera ku Ulaya cha mu Meyi ndi Juni, atakwera mphepo mamita mazanamazana m'mwamba, amaswana kuno, ndipo ana awo amabwerera kummwera cha mu Ogasiti ndi Seputembala. Mu 2019, Karl Wotton ndi anzake a ku University of Exeter anafalitsa zimene anapeza pogwiritsa ntchito radar: pa chaka, ma hoverfly ofika mabiliyoni 4 amadutsa m'mwamba mwa kummwera kwa Britain, ndipo mphutsi zobadwa kuno zimadya nsabwe zokwana mathiriliyoni 6. Kachilombo kochepa chonchi kuwoloka nyanja, pamene ine kungopita ku Manchester ndimafika nditatopa!

Mu 2025 kufunda kuja kunachulukitsa nsabwe msanga, ndipo chakudya chikachuluka odya nawonso amachuluka. Si ma hoverfly okha. Okonda cricket akukumbuka kuti pa 10 Julayi masewero a England ndi India ku Lord's anaima kwa kanthawi chifukwa cha ma ladybird, tizikumbu tofiira ta madontho akuda todyanso nsabwe, amene anadzaza bwalo. Ndiye nyengo ndi mphepo ndizo zinabweretsa alendowo ku Leeds. Ntchito ya paketi inali kuwaimitsa pa mabedi anga, ndi kuwadyetsa. Izi n'zofunika chifukwa hoverfly wamkazi amafuna mungu kuti mazira ake akhwime. Akakhuta pa calendula, sapita kutali kukafuna poikira, amangodumphira pa mpiru uli pambalipo.

Si maluwa onse a m'paketi amene anagwira ntchito imeneyi mofanana. Kamlomo ka hoverfly ameneyu n'kakafupi, ndiye amafuna duwa lotseguka, losaya, loti angotera n'kunyambita. Dill ndiye anapambana onse, kutsatira alyssum, calendula ndi poppy. Pa cornflower ankapitapo ndithu. Phacelia, amene anadya malo ambiri uja, anali wa njuchi zazikulu zaubweya zija. Ma hoverfly ankangotolako mungu pa nsonga n'kupita. Borage anali wa njuchi basi. Sindikudana nazo njuchi, maungu anga anabereka chifukwa cha izo. Koma ngati vuto lanu ndi nsabwe, dziwani kuti gawo lalikulu la paketiyi likudyetsa anthu ena.

Ntchito yeniyeni imachitika kunsi kwa tsamba, ndipo ngati simugwada simudzaiona. Tembenuzani tsamba la mpiru limene lili ndi nsabwe. Pambali pa mulu wa nsabwezo mupeza kadzira koyera, kotalika pang'ono, kali kokhakokha. Pakapita masiku ochepa mumatuluka kamphutsi kopanda miyendo, kosongoka kumutu, koonekera mkati moti matumbo ake mumawaona. Maso kalibe. Ndinakhala pa ndowa m'mawa wina kutachita mitambo n'kumaonerera kamodzi. Kanamatirira tsamba ndi kumbuyo kwake, kutsogolo kakugwedeza uku ndi uku, kupapasa. Katangokhudza nsabwe kanaibaya, n'kuinyamula m'mwamba, timiyendo ta nsabweyo tikuphiriphitha. Kanaiyamwa mpaka inatsala kachikopa kopanda kanthu, n'kukataya, n'kuyambanso kupapasa. Nsabwe zinzake zili pomwepo, osathawa, zikungoyamwa tsamba ngati palibe chachitika. Kamphutsi kamodzi kamadya nsabwe mazana angapo kasanakhwime, ndipo kamadya kwambiri usiku. Kakamaliza kamasiya dontho lakuda lonyezimira pa tsamba, n'kuuma kukhala kachikwa kofiirira, konenepa mbali imodzi, komatirira nganganga. Mukaona dontho lakudalo ndi tizikopa toyera tili mbwee, dziwani kuti pamenepo nkhondo inatha kale.

Pofika kumapeto kwa Julayi mpiru wanga unali ukutulutsa masamba atsopano osapotana, ndipo ndinathyola mpaka kugawira anzanga ku ntchito. Apa chenjezo ndi lakuti pothyola muziyang'ana. Kamphutsi aka n'kosavuta kukasokoneza ndi mbozi. Mbozi ili ndi miyendo ndipo imaboola tsamba. Aka miyendo kalibe ndipo tsamba sikalikhudza. Mukakapeza pa tsamba limene mwathyola, kachotseni ndi kaudzu n'kukaika pa mbewu ina ya nsabwe. Kunyumba tsukani ndiwo m'madzi a mchere monga mwa nthawi zonse.

Komabe walira mvula walira matope. Hoverfly saikira mazira pa tsamba loyera, amafuna pamene pali nsabwe kale. Ndiye muyenera kupirira kuona nsabwe zoyambazo osathamangira botolo, chifukwa mankhwala ambiri opha nsabwe amaphanso mphutsizi, ndipo nsabwe zimabwerera msanga kuposa adani ake. Kudikirako kuli ndi mtengo wake: repu wanga woyamba, wa mu Meyi, anapita ndithu, chifukwa nsabwe zinafika maluwa asanatsegule. Paketi ikulonjeza maluwa kuyambira Juni, ndipo sinaname, koma nsabwe sizidikira Juni. Pa nyemba naponso zinayenda mwa theka. Nsabwe zakuda zija zimalonderedwa ndi nyerere, zimene zimadya timadzi totsekemera totuluka mwa nsabwezo, ndipo nyerere zimathamangitsa chilichonse chofuna kudya ziweto zawo. Kumeneko ndinachita kudula nsonga ndi manja.

Mu sitolo momwemo amagulitsanso timapepala tachikasu tomata togwirira tizilombo. Pa dimba lapanja musatiike. Hoverfly amakonda chikasu, ndi chifukwa chake anatera pa gulovu yanga. Bambo wina wa puloti ya kumtunda anapachika timapepalato pa tomato wake, ndipo nditadutsa ndinaona atamatirira pamenepo ambirimbiri, nsabwe zake zili phee pa masamba. Musayembekezerenso kuti tintchentcheti tithana ndi mavuto onse. Mbozi za agulugufe oyera zinadya repu monga mwa masiku onse, nkhono zinabwera mvula itangodontha, ndipo njiwa zonenepa za kuno sizimva za maluwa. Mukaphimba mabedi ndi neti ya maso aang'ono kwambiri, mwatsekeranso ma hoverfly kunja. Ine ndinaika ya maso aakuluko, yotchinga mbalame.

Kupereka malikisi, paketiyi ndingaipatse 7 pa 10. Kwa munthu amene akuyamba kumene, amene sadziwa kuti pa dothi lake chimakula n'chiyani, ndi njira yotchipa yoyesera mitundu yambiri nthawi imodzi. Koma ine sindidzagulanso yosakaniza. Ndidzagula alyssum payekha, chifukwa ndi wamfupi, salimbana ndi ndiwo, ndipo amachita maluwa nthawi yaitali. Alimi a letesi ku California amamudzala m'mizere pakati pa minda yawo pa chifukwa chomwechi. Calendula ndi poppy njere ndatola ndekha. Limnanthes ndimufesa mu Seputembala kuti adzachite maluwa msanga, nsabwe zoyamba zikamafika. Ndipo chimene chinapikisana ndi dill sichinachokere ku garden centre n'komwe. Ndi coriander wa njere, yemwe uja wothira mu ndiwo, amene ndinagula kathumba ku shopu ya amwenye. Ndinamuphwanyako pang'ono ndi botolo, n'kufesa pakona, ndipo atachita timaluwa take toyera ma hoverfly sankachokapo. Mpiru nawonso, umene kuno umathamangira kuchita maluwa masiku akatalika, ndinausiyako mapesi angapo m'malo mouzula. Kwathu ku Dedza agogo ankasiya mpiru wina kuti ubereke njere, ndipo pa maluwa achikasuwo pankakhala tizilombo touluka tambiri. Ntchentche za banja limeneli kumudzi ziliko, ndipo mphutsi zake zimadya nsabwe chimodzimodzi. Amene muli kumudzi musavutike kutumitsa paketi ya kuno.

Ngati pa mpanda wanu pali ivy (chomera choyanga chija) wokhwima, musamudule mu Seputembala. Amachita maluwa mochedwa, pamene ena onse atha, ndipo ma hoverfly otsala amadya pamenepo. Mwezi womwewo ndi pamene sitolo ija inatsitsa mitengo ya mbewu kuti ipeze malo oika za Khirisimasi. Paketi yomwe ija ndinaiona ili m'basiketi pafupi ndi potulukira, pa theka la mtengo. Musanaponye m'tirole, yang'anani kumbuyo chaka chimene alemba kuti mufese chisanadutse.